Akwathu Sadzuka Msanga

Lolemba, 28 Febuluwale 1994

Andigoneka. M'mawa uno ndinatuluka m'nyumba kukalandira ntchito, madzulo ano ndili pa bedi la pafupi ndi chitseko mu wodi ya amayi, pachipumi atandisoka. Ndikulemba kuti ndisalume munthu.

Zinayenda chonchi. Bungwe lophunzitsa anthu za chisankho cha mu Meyi landitenga. Ntchito yake ndi yoyenda pa njinga yamoto, Kanyenda, Liwaladzi, Malengachanzi, kuuza anthu kuti voti ndi yachinsinsi ndipo palibe amene adzawalondole kunyumba. Chimalizire ku koleji ndakhala ndikupeta mpunga wa azakhali, digiri ili m'sutikesi. Ndiye lero ndinakhala pa benchi kunja kwa ofesi yawo, padzuwa, ndili pa swaumu poti ndi Ramadani. Dzina langa litaitanidwa ndinadzambatuka. Ndikukumbuka dzanja la a Layson, mkulu wa bungwelo, likubwera kudzandipatsa moni. Kenako mdima unayambira m'mbali mwa maso. Ndinatsitsimuka ndili pa simenti, mlonda akundikupiza ndi katoni.

A Layson akuti miyendo yanga inaphupha. "Chemwali, ine si dokotala, koma njinga yamoto sindingapatse munthu wa khunyu. Tingadzakuvuuleni mumtsinje wa Bua." Maphunziro a ntchitoyi ayamba Lolemba likudzali ku Lilongwe. Ndikafike ndi mawu a dokotala oti si khunyu. Ndikapanda kutero, pali mnyamata wina amene akudikira malowo.

Khunyu! Ine!

Lachiwiri, 1 Malichi

Anditenga magazi. Malungo mulibe. Shuga ali bwino. Magazi ndi okwanira. Anesi athu, a Leah, anaima kumiyendo kwa bedi n'kufunsa mokweza ngati akuitana matola, "Kumwezi munapita liti?" Wodi yonse inasiya kutafuna. Ndinayankha, anayezabe mkodzo, mulibe kanthu. Koma nkhani yafika kale ku bedi lomaliza.

Woyandikana nane ndi mayi Marjory a ku Liwaladzi, ogulitsa usipa, ali ndi bala la shuga kuphazi. Sagona, samva ululu, satseka pakamwa. "Nawe wasukulu, mabuku onsewo osakuphunzitsa kuima?" Ndinatembenukira kukhoma.

Dokotala ndi a Mzomera, munthu wa kumpoto, wolankhula ngati mawu aliwonse amawagula. Anandigoneka chagada kanthawi n'kundiyeza. Bipi 116/74, mtima 70. Anati ndiimirire lamba woyezera akadali pamkono. Bipi 82/50, mtima 75. Makutu analira, mawindo anayamba kuda, a Leah anandikankhira pa bedi.

"Mwaona, mama? Munthu akaimirira, magazi amatsikira kumiyendo. M'khosi umu, m'mitsempha ikuluikulu, muli timalo tomwe timamva kuti magazi achepa mphamvu. Timauza ubongo, ubongo n'kulamula mtima kuti uthamange, mitsempha kuti ifinye. Zonsezi zimachitika mwini wake osadziwa. Mtima wanu umayenera kulumpha, koma wangosuntha pang'ono. Uthenga ukuchedwa."

Ndinati ndiye kuti m'thupi mwanga muli ofesi ya boma. Sanaseke.

Ndinawapempha alembe pompo kuti si khunyu. Akana. Akuti mwina ndi swaumu ndi dzuwa chabe, ndipo kuphupha kuja sanakuone ndi maso awo. Andiika diripi ya madzi amchere, mabotolo awiri. Andiletsa kusala. Ababa avomera, akuti wodwala amabweza masiku akachira.

Lachitatu, 2 Malichi

Diripi yatha. Ndadya phala, ndamwa madzi mpaka kunyansidwa nawo. Ayezanso. Chogona 120/78, mtima 68. Choimirira 90/56, mtima 74. Sindinagwe, koma ndinagwira chitsulo cha bedi.

Ndiye si swaumu yokha. A Mzomera anakhala pa mpando, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anafunsa ngati ndinagwapo kale. Ndinagwapo kamodzi ku sekondale, pa mzere woyeserera za chikondwerero cha ufulu, koma tsiku limenelo tinagwa ambiri. Anafunsa ngati ndinaluma lilime, ngati ndinadzikodzera, ngati ndinasokonezeka mutu nditadzuka. Ayi, ayi, ayi. Akuti munthu wongokomoka amathanso kuphupha pang'ono, ubongo ukasowa magazi. Akuti kufulumira kapena kuchedwa kwa uthenga uja kawirikawiri munthu amatengera kumtundu, monga msinkhu. Sikugwira onse m'banja, ndipo palibe magazi amene angayeze kuno n'kunena kuti ndi ichi. Koma atapeza wachibale wanga weniweni amene ali chimodzimodzi, mtima wawo ukhala pansi, alemba. Apo ayi anditumiza ku Blantyre kukayeza ubongo.

"Liti?"

"Mwina Pasaka ikapita."

Pasaka ikapita! Anthu adzakhala atalembetsa kale mayina, mnyamata uja atazolowera njinga yanga.

Masana kunabwera Ababa ndi mlongo wawo, azakhali a Kulusumu. Ndinathamangitsa a Leah kukaitana dokotala asanapite ku wodi ya abambo. Anabwera, anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa: "A Swaleh, kodi kwanu alipo amene amakomoka, kapena kugwa akaimirira?"

Ababa anati, "Palibe."

Azakhali anawonjezera, "M'banja mwa bambo athu a Fakiri mulibe zogwaigwa. Uyu ndi mabuku amuwiritsa mutu. Mwana wamkazi kufuna mthuthuthu!"

Dokotala analemba mzere umodzi n'kupita. Ndinafuna kuponya kapu.

Abweretsa mpunga wa faya ndi kampango. Ndadya iwo akuyang'ana kumbali chifukwa ali pa swaumu. Theka lapita kwa mayi Marjory, amene shuga wawo salola mpunga, koma m'kamwa mwawo mumalola.

Lachinayi, 3 Malichi

Tsiku la Ofera Dziko. Dokotala sabwera. Wailesi ya a Leah ikulira nyimbo zachisoni kuyambira m'mamawa monga chaka chilichonse. Dziko likusintha kunjaku, ine ndili pano kuwerenga ntchentche.

Ndilembe za masana ano ndisanazizire mtima.

Azakhali anafika msanga, Ababa akadali ku mzikiti. Mayi Marjory anayamba nawo. "Achimwene anu aja ali kuti lero? Atopa naye wasukuluyu?"

Azakhali anakonza mpango. Ndimaudziwa mkonzedwe umenewo. "Achimwene satuluka mu mzikiti ngati mbuzi zotsekuliridwa khola. Swala ikatha anthu onse amathamangira nsapato, iwo amatsala chikhalire ndi tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija. Akafuna kudzuka amayamba agwada, kenako bondo limodzi, kenako agwira mzati. Boma lonse likudziwa. Ndi mmenenso ankachitira bambo athu, a Fakiri. Iwo ndiye anali ena. Pa sikiri, anthu akaimirira kutchula dzina la Mulungu, iwo ankangoti dzambatu kuima, kenako phii pansi. Maso oyera, miyendo ikunjenjemera. Ashehe ankati musawakhudze, mtima wawo wapita kutali. Akabwerera ankati kunayamba mdima, kenako phokoso m'makutu ngati mafunde. Anthu ankachokera ku Kanyenda kudzapempha kuti awachitire duwa, awapempherere."

Supuni inandigwa m'manja.

Mdima woyambira m'mbali. Makutu kulira. Miyendo. Nkhani imeneyi ndaimva chikhalire, pa ukwati uliwonse, pa sadaka iliyonse. Ndakula ndikudikira Ababa panja pa mzikiti, anzanga atapita kale ndi abambo awo, ine ndikunyada kuti anga ndi opemphera kuposa onse. Ndipo dzulo anthu awiriwa anauza dokotala kuti palibe!

Ndinati, "Zakhali, dzulo afunsa ngati alipo amene amagwa."

"Afunsa za kukomoka. Kumene kuja si kukomoka."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi madalitso, iwe. Usayerekeze agogo ako ndi zako za pa simenti."

Nthawi yomweyo Ababa analowa, mkanjo woyera, mzuli kumutu, ali ndi amuna awiri a ku mzikiti amene anabwera kudzandizonda. Ndikanadikira alendowo apite. Sindinadikire. Ndinati, "Ababa, mumatsalira mu mzikiti chifukwa mukadzuka msanga mumaona mdima. Agogo sankapita kutali kulikonse, magazi ankawathawa kumutu. Ndi matenda omwewa ndagonera pano. Mukauze dokotala."

Wodi yonse inayang'ana pansi. Ngakhale mayi Marjory.

Mmodzi wa alendo aja anayamba kuyang'ana denga. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Tabwera kudzaona wodwala. Tamuona, ali ndi mphamvu." Anatembenuka n'kutuluka, alendo pambuyo. Azakhali ananyamula dengu osatsitsa chakudya.

Ndanena zoona. Ndiye ndalakwa chiyani?

Lachisanu, 4 Malichi

Chogona 118/76, mtima 70. Choimirira 88/58, mtima 76.

Ndawafotokozera a Mzomera zonse. Anamvetsera, maso anawala pang'ono, koma akuti nkhani ya munthu amene anamwalira kalekale, yomvera kwa azakhali, sangaiike dzina lawo pansi pake. Akufuna ayeze Ababa ndi manja awo. Mawa agwira ntchito mpaka masana. Ababa akapanda kubwera, alemba za Blantyre.

"Bambo anu munawafunsa bwanji, mama?"

Ndinati ndinawafunsa bwinobwino. Mayi Marjory anatsokomola mpaka bedi kugwedezeka.

Andiphunzitsa: ndizimwa madzi ambiri, ndisamaope mchere m'ndiwo. Podzuka ndiziyamba ndakhala m'mphepete mwa bedi, ndigwedeze mapazi. Ndikamva mdima ndipingase miyendo n'kufinya ntchafu, kapena ndikhale pansi pomwepo ngakhale pali anthu. Pa njinga ndikhala chikhalire, vuto lingakhale potsika. Mankhwala palibe.

Bondo limodzi, kenako kugwira mzati. Ababa anazipeza okha zimenezi, kapena anaonera agogo.

Lero ndi Juma, mzikiti wadzaza. Amuna awiri aja ali ndi akazi awo, akaziwo ali ndi anzawo, ndiye nkhani yafala. Palibe amene wabwera kudzandiona. Ndadya nyemba za m'chipatala. Mayi Marjory andigawira chinangwa chophika n'kunena kuti, "Ine bambo anga ndikanawanena choncho pa anthu, bwenzi ndikugona m'bwato." Sindinawafunse.

Mutu ukupweteka pamene anasoka. Kwina konse kuli bwino, ndi zimene zikundipsetsa mtima.

Loweruka, 5 Malichi

Ababa anabwera m'mawa, nthawi ya alendo isanakwane, ali okha. Ndinawaona pawindo akukambirana ndi mlonda wa pageti, amene anawalola chifukwa ndani angabweze a Swaleh. Sanabwere ku bedi langa. Anaima pakhonde mpaka a Mzomera atatulukira, n'kunena nawo motsitsa mawu. Kenako a Leah anadzanditenga. "Akuti mubwere muone nokha, poti ndinu wa maso."

Tinalowa m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi, kotchinga ndi nsalu. Ndinapereka salamu. Anayankha osandiyang'ana.

Anavula nsapato, anagona pa bedi loyezera, mkanjo ataukonza bwinobwino kumiyendo. Sindinawaonepo Ababa atagona masana. Anaoneka aafupi. Chogona 134/82, mtima 66.

"Tsopano muimirire, bambo," anatero dokotala.

Ababa anayamba monga mwa nthawi zonse. Kutembenukira kumbali, kutsitsa mwendo umodzi, dzanja kufunafuna khoma.

"Ayi, bambo. Kamodzin'kamodzi, ngati mwamva kuti nyumba ikupsa."

"Ine sindidzuka choncho."

"Ndikudziwa. Lero lokha."

"Chiyambire unyamata wanga sindinadzukepo choncho."

Apa ndiye anandiyang'ana. Ndinafuna kunena kuti basi zisiyeni, ndipita ku Blantyre. Ndinafunadi. Koma ndinakhala chete, chifukwa ntchitoyo ndikuifuna, ndipo iwo anaona kuti ndakhala chete.

Anati bisimila, n'kudzuka.

Anaima mowongoka. A Mzomera akupopa lamba, maso pa geji. Ndinaona nkhope ya Ababa ikutuwa kuyambira pamilomo. Anati, "Eya, wabwera," ngati akunena mlendo amene amamudziwa. Mawondo anapindika. A Leah ndi dokotala anawagwira m'khwapa n'kuwatsitsa pansi, mzuli unagubuduka mpaka kunsi kwa nsalu n'kutulukira mu wodi. Phazi lamanja linagwedezeka kangapo pa simenti. Ndi zimene anaona a Layson. Ndi zimene ankaona anthu a pa sikiri.

A Leah anakweza miyendo yawo pa mpando. Posakhalitsa maso anatseguka.

Choimirira 86/54, mtima 70.

Dzanja linalowa pansi pa nsalu litagwira mzuli. Mawu a mayi Marjory, amene amati phazi lawo silingaponde pansi: "Chipewa cha abambo ichi." Ndiye kuti Liwaladzi yonse imva lisanathe sabata.

Ababa anavala mzuli ali chikhalire pansi. "Mwapeza chimene mumafuna, adokotala?"

"Ndapeza, bambo. Muli ngati mwana wanu. Kapena ndinene kuti mwana wanu ali ngati inu."

"Ndi khunyu?"

"Ayi."

"Ndi matenda?"

A Mzomera anaganiza kaye, monga amachitira. "Ndi mmene thupi lanu linapangidwira. Mwakhala nalo bwino zaka zonsezi popanda ine. Koma swaumu ino muzimwa madzi ambiri pa daku, pa chakudya cha m'mbandakucha chija, ndipo mubwerenso ndidzamvere mtima wanu bwinobwino."

"Lembani za mwanayu. Dzina langa musalembe."

"Ndingolemba kuti ndi za kumtundu."

Ababa anapukuta fumbi pa mkanjo. Kenako anati, "Mulembe kuti ndi za kuchimuna. Anthu akamva za kumtundu athamangira kwa malemu mayi ake, iwo sangadziyankhire."

Dokotala analemba momwemo. Si khunyu. Bipi imatsika akaimirira mwadzidzidzi, za kumtundu, mbali ya bambo. Angathe kugwira ntchito ndi kuyendetsa njinga yamoto, asasale kudya pa masiku a ulendo, apume asanatsike. Anadinda.

Ndinagwada pafupi nawo n'kunena kuti, "Ababa, zikomo. Za Lachinayi zija..."

"Tenga pepala lako. Ndithandize kudzuka. Pang'onopang'ono, iwe, sindine thumba la mpunga."

Anditulutsa masana. Ulusi wa pachipumi akachotsa ku Lilongwe.

Lamulungu, 6 Malichi, pa depoti

Basi yachedwa. Ndikulembera pa bondo.

Azakhali sakundilankhula, koma andimangira mpunga ndi nsomba zouma zamchere, zambiri kuposa zimene munthu mmodzi angadye. Dzulo madzulo kunabwera mmodzi wa amuna aja kudzafunsa ngati a Swaleh ali bwino, poti amva kuti anagwa kuchipatala. Anafunsa mwaulemu kwambiri. Ulemu wake ndi umene unandiwawa. Ababa anamuyankha kuti ali bwino, n'kumufunsa za mpunga wake.

Ababa andiperekeza mpaka pano, atanyamula sutikesi yanga kumbuyo kwa njinga yakapalasa. Adhana ya masana itamveka, kuitanira anthu ku mzikiti, anayamba kutembenuza njinga.

Sindinathe kupirira. Ndinati, "Ndiye lero mukatani? Poti anthu adziwa, mukatsalanso?"

"Ndikatsala."

"Koma Ababa, akakhala akukuyang'anani, akudziwa chifukwa chake."

"Akudziwa chimene wayeza dokotala wako. Ndili mnyamata ndinkakhala pansi kudikira kuti maso ayere, zimenezo n'zoona. Koma munthu sungakhale pamkeka chete tsiku ndi tsiku, anzako atatuluka, osayamba kulankhula ndi Mwini nyumba. Mdima uja umatha msanga, Zulfa. Ine ndimakhalabe."

Anandigwira pamutu, pambali pa bala, n'kupita akukankha njinga.

Basi yafika, kondakitala akukuwa ngati ndi ife tachedwa. Ndidzuka pang'onopang'ono.